Sokosi yanzeru iyambe yakhoza mayeso a ku Nayuchi

Mu 2017 kampani ya Google, mogwirizana ndi ya Levi's, inatulutsa jekete imene pamkono pake analukirapo ulusi wodutsa magetsi. Ukasisita kapena kugogoda pamkonopo, foni inkasintha nyimbo kapena kuyankha munthu amene akukuimbira. Mtengo wake unali madola 350 a ku America, ndipo eni akewo ananeneratu kuti ikhoza kuchapidwa mpaka ka 10. Ka 10 basi! Yunifolomu yanu imapitirira nambala imeneyo teremu isanathe. Mu 2023 Google inatseka ntchito yonseyi, imene inkatchedwa Jacquard, ndipo amene anagula anatsala ndi jekete wamba yodula.

Ine jeketeyo sindiilira, poti kusintha nyimbo chala chimatha kale. Koma nzeru yakuti nsalu izimva kukhudzidwa ndi kupanikizidwa si yamasewera ayi, ndipo kuno kwathu ili ndi ntchito yeniyeni: kulondera mapazi amene anasiya kumva. Maganizo anga ndi akuti nsalu yotereyi tisamaiyamikire chifukwa yagwira ntchito mu labotale yozizira bwino. Iyambe yakhoza mayeso a malo ngati Nayuchi, kumalire athu ndi Mozambique, pakati pa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta, kumene kuli dzuwa, fumbi, matope ndi maulendo ataliatali apansi. Ndipo ndikuona kuti amene akufuna kuti wodwala aliyense azivala sokosi yamagetsi tsiku ndi tsiku ayambira kolakwika. Ndifotokoza chifukwa chake, koma tiyambe ndi phazilo.

Phazi losamva

Mukaponda kamwala, simuchita kuganiza. Mitsempha ya m'khungu imatumiza uthenga, mwendo n'kusuntha, mwina musanadziwe n'komwe kuti chachitika n'chiyani. Nsapato ikamakuthinani mumayamba kutsimphina pang'ono, ndipo kutsimphinako kumasamutsa kulemera kwa thupi kuchoka pamalo amene akupwetekawo. Zonsezi zimachitika zokha.

Matenda awiri amene amapezeka kwathu kuno amawononga mitsempha imeneyi. Oyamba ndi khate, limene kachilombo kake, Mycobacterium leprae, kanapezedwa ndi dokotala wa ku Norway, Gerhard Armauer Hansen, mu 1873. Khate limachizika ndithu, mankhwala ake ndi aulere ndipo amamwedwa kwa miyezi 6 kapena 12. Mu 1994 dziko la Malawi linafika pamlingo umene bungwe la WHO limauwerengera kuti khate lasiya kukhala vuto lalikulu, kutanthauza odwala osakwana m'modzi mwa anthu 10,000. Koma "osakwana m'modzi" si ziro. Odwala atsopano akupezekabe, ndipo ku Utale m'boma la Balaka, kumene amishoni a Katolika anayamba kalekale kusamalira odwala khate, nkhaniyi si yachilendo. Chovuta n'chakuti mankhwala amapha kachilombo, koma mtsempha umene unawonongeka kale nthawi zambiri subwerera mwakale. Matenda achiwiri ndi a shuga. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 aliwonse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 anali ndi shuga, ndipo shuga akakhalitsa osasamalidwa amachititsa dzanzi kumapazi.

Pali bodza lina limene ndikufuna mulitaye lero, lakuti khate limadula zala lokha. Dokotala wa ku Britain, Paul Brand, amene anagwira ntchito ku Vellore m'dziko la India kuyambira mu 1946, anaonetsa kuti chimene chimawononga zala ndi mapazi ndi mabala obwerezabwereza amene mwini wake sawamva. Munthu amayenda tsiku lonse ndi msomali m'nsapato, bala n'kulowa tizilombo, n'kufika pafupa.

Apa ndi pamene Physics ya m'kalasi ikulowera. Paja pressure ndi force kugawa ndi area. Tiyerekeze munthu wolemera makilogalamu 50, ndiye kuti akukanikiza pansi ndi force ya pafupifupi 500 N. Ngati waimira phazi limodzi ndipo malo okhudza pansi ndi 100 cm², amene ndi 0.01 m², pressure ndi 50,000 Pa, kapena kuti 50 kPa. Tsopano muikeni kamwala m'nsapato. Ngakhale kamwalako katangosenza 50 N yokha pamalo a 1 cm², pressure pamenepo ndi 500 kPa, kuchulukitsa ka 10. Akatswiri a mapazi a anthu a shuga amalangiza kuti m'nsapato ya munthu amene anakhalapo ndi chilonda, pressure pamalo oopsawo isafike 200 kPa. Ndiye onjezani kubwereza. Ulendo wa makilomita 5 wopita kumsika, ngati sitepe iliyonse ndi masentimita 75, ndi masitepe opitirira 6,600. Phazi lililonse laponda kamwala kaja maulendo oposa 3,300, mwini wake akucheza bwinobwino ndi anzake.

Brand yemweyo, atasamukira ku Carville m'chigawo cha Louisiana ku America, anapanga ndi anzake sokosi yoyezera pressure m'zaka za m'ma 1960, yopanda batire kapena waya. M'kati mwake munali timakapusozi ting'onoting'ono ta utoto. Munthu akayenda, timakapusozito tinkaphulika pamene papanikizika kwambiri, n'kusiya banga. Wokonza nsapato akaona bangalo ankadziwa poti asemepo. Muisunge nkhani imeneyi, tibwereranso.

Nsalu imamva bwanji?

Njira zodziwika kwambiri ndi ziwiri. Yoyamba imadalira resistance. Pakati pa nsalu ziwiri zodutsa magetsi amaikapo kansalu kapena kapulasitiki kosakaniza ndi kaboni, monga kamene kamagulitsidwa ndi dzina la Velostat. Ukakanikiza, tizidutswa ta kaboni timayandikana ndipo malo okhudzana amachuluka, magetsi amapeza njira zambiri, resistance n'kutsika. Yachiwiri imadalira capacitance. Nsalu ziwiri zodutsa magetsi zimalekanitsidwa ndi kasiponji. Ukakanikiza, mpata umachepa, capacitance n'kukwera. Galasi la foni yanu limagwiritsa ntchito m'bale wake wa njira yachiwiriyi pozindikira chala.

Papepala zonsezi n'zosavuta, mwana wa Fomu 3 akhoza kujambula. Mavuto amayamba nsaluyo ikavalidwa.

Vuto loyamba, limenenso ine ndimaliona kuti ndi lalikulu zedi, n'lakuti nsalu siidziwa kusiyanitsa zimene zikuichitikira. Sensa imatulutsa nambala imodzi yokha, resistance mwachitsanzo. Koma nambala imeneyo imasintha ukaikanikiza, imasinthanso ukaikoka, ukaipinda, ikatentha, ikanyowa. Sokosi imatamuka pongoivala. Phazi likatupa madzulo, monga amachitira mapazi ambiri a anthu odwala, imatamukanso kwambiri. Ndiye nambala ikasintha, wayambitsa ndani? Kamwala, kapena kungoti sokosi yakwinyika pachidendene? Zili ngati mlonda amene amakuwa mofanana kukabwera wakuba, mbuzi kapena mphepo. Pakatha sabata anthu amasiya kudzuka.

Komanso nsalu ndi siponji zimachedwa kubwerera. Khalani pamatiresi kenako mudzuke, muona kuti dzenje limatsala kwa kanthawi. Sensa nayo imapereka nambala ina pamene pressure ikukwera ndi nambala ina pamene ikutsika, ngakhale pressure yake ndi yomweyo. Akatswiri amati hysteresis. Ndipo munthu akangoima malo amodzi, nambala imayenda yokha pang'onopang'ono chifukwa ulusi ukupitirira kuphwatalala. Sokosi imene munaiyeza bwino Lolemba, pofika Lachisanu ikunena zina.

Tsopano madzi. Munayesapo kugwiritsa ntchito foni ndi manja onyowa? Imayamba misala, kutsegula zinthu zimene simunaitume. Chifukwa chake n'chakuti madzi amakweza capacitance pafupifupi ka 80 poyerekeza ndi mpweya. Thukuta likalowa m'kasiponji kaja, sensa imaona ngati mwaiponda mwamphamvu pamene mwangokhala pansi. Kwa sensa ya resistance vuto ndi mchere. Thukuta lili ndi mchere, ndipo madzi amchere amadutsa magetsi, ndiye amapanga njira yachidule pakati pa ulusi umene sumayenera kukhudzana. Amene munakhalako ku Balaka kapena ku Nayuchi mu Okutobala mukudziwa mmene phazi limakhalira m'nsapato yotseka masana. Nyanja ya Chilwa nayonso ilibe mtsinje wotulutsa madzi, amachoka pouma ndi dzuwa basi, n'chifukwa chake ndi amcherechere. Msodzi wa matemba kapena mlimi wa mpunga wa m'madambo a kumeneko akhala akuiviika sensayo m'madzi amene amaisokoneza kwambiri.

Wina anena kuti, aaa, ingoikutani ndi pulasitiki. N'zotheka. Koma mukatero mwapanga thumba la pulasitiki, osati sokosi. Phazi lizikhala lonyowa tsiku lonse, khungu n'kufewa, ndipo khungu lofewa ndi madzi limang'ambika msanga. Mwateteza sensa, mwaika phazi pangozi.

Kukangana kotereku, pakati pa zofuna za sensa ndi zofuna za phazi, kumabweranso pa ulusi. Ulusi wofewa wodutsa magetsi nthawi zambiri umakhala wa nayiloni wokutidwa ndi siliva wopyapyala kwambiri. Siliva ameneyu amada ndi thukuta ndipo amasupuka ndi kukhuzika. Nanga kwathu kuno timachapa bwanji? Sopo wamtanda, kupikicha ndi manja, kumenyetsa pamwala, kufinya mopotokola, kuyanika padzuwa la masana, mwinanso kusita ndi simbi yamakala. Chilichonse mwa zimenezi chikuchotsako siliva kapena kuthyola timaulusi, resistance n'kumakwera mpaka waya kufa. Ulusi wachitsulo chosachita dzimbiri umapirira kwambiri, koma ndi wokhakhala. Ndipo pamene ulusi ukulumikizana ndi kabokosi ka batire pamafunika mfundo, batani kapena chomatira cholimba. Malo amenewa ndi amene amayamba kuduka, chifukwa chofewa ndi cholimba sizipindika mofanana. Kuphazi lomva, mfundoyo ingokunyansani n'kuivula. Kuphazi losamva, mfundoyo yasanduka kamwala kaja. N'chifukwa chake anthu a shuga amalangizidwa kuvala sokosi zopanda msoko wokhuthala. Tangoganizani, chida chopangidwira kupewa chilonda n'kukhala chimene chayambitsa chilondacho.

Za kuchuluka kwa masensa ndingodutsapo mwachidule. Kuti mupeze kamwala ka 1 cm muyenera kuyeza malo ambiri. Akatswiri amaluka ulusi 10 chopingasa ndi 10 chotsika, n'kupeza mphambano 100 ndi mawaya 20 okha. Ndi nzeru yabwino, koma magetsi amazembera kudzera m'mphambano zoyandikana, ndipo pachithunzi pamaoneka pressure pamalo amene palibe chilichonse. Chinanso, masensa ambiri amayeza kukanikiza kochokera pamwamba kokha, pamene matuza ambiri amayamba ndi kukhuzika kwa cham'mbali phazi likamatereka m'nsapato.

Tinene kuti zonsezi zatheka, sokosi yazindikira ngozi. Imuuza bwanji mwini wake? Kunjenjemera kuphazi sikuthandiza, poti phazilo silimva. Kutumiza uthenga pafoni kukufuna foni yamakono yokhala ndi moto, m'dera limene anthu ambiri amalipira kuti atchajitse foni pa sola ya munthu wina. Kulira ngati alamu? Apa ndiye pamene opanga zinthu ambiri saganizapo. Anthu amene anadwalapo khate amasalidwabe. Mayi amene wabisa vuto lake kwa zaka, sokosi yake ilire "pii pii" pakati pa msika wa pasiteshoni, anthu onse n'kutembenuka. Mawa lake sadzaivalanso, ndipo ine sindingamudzudzule. Chenjezo liyenera kukhala lamseri, mwina kanthu konjenjemera m'chiuno kapena pamkono pamene khungu likumvabe. Koma kumeneko ndi kuwonjezera waya wina, mfundo ina, malo ena oduka.

Ndiye tingozisiya?

Namwino amene wasamalirapo mapazi otere akhoza kundiyankha kuti zonsezi ndi zotaya nthawi. Chimene chimapulumutsa phazi chimadziwika kale: nsapato yokwana bwino ya labala wofewa pansi, kukutumula nsapato musanavale, kuviika mapazi m'madzi ndi kuwapaka mafuta kuti asang'ambike, kuwayang'ana tsiku lililonse ngakhale ndi kagalasi, ndi kupumitsa phazi mukaona pofiira. Palinso chizindikiro chimene sichifuna batire. Malo amene akufuna kutuluka chilonda amayamba atentha kaye. Ofufuza anapeza kuti kusiyana kopitirira madigiri 2.2 pakati pa malo ofanana a mapazi awiri ndi chenjezo, ndipo kampani ya Siren ku America inapanga sokosi zoyeza kutentha m'malo mwa pressure. Mdzukulu wokhudza mapazi a agogo ake ndi kuseri kwa dzanja madzulo alionse sangayeze madigiri, koma malo otentha kwambiri akhoza kuwamva.

Namwinoyo ndikugwirizana naye pafupifupi pa zonse. Ndalama zikakhala zochepa, nsapato ziyambe. Munthu amene alibe nsapato n'komwe, kapena amene ntchito yake ndi yolowa m'matope a mpunga opanda nsapato, sokosi yamagetsi ilibe naye gawo.

Pamene ndikusiyana naye ndi pa mawu akuti "nsapato yokwana bwino". Timadziwa bwanji kuti yakwana? Inu mukamagula nsapato pakaunjika mumayesa n'kunena kuti ikundithina apa. Munthu wa phazi losamva sanganene zimenezo. Wokonza nsapato amangoyerekeza ndi maso, ndipo yankho limabwera patatha milungu, chilonda chitatuluka. Apa ndi pamene nsalu yomva pressure ikufunikadi, monga mmene Brand anaigwiritsira ntchito: ngati chida choyezera, osati chovala cha tsiku ndi tsiku. Sokosi kapena kansalu kamodzi kachipatala, konga sikelo ya ana. Wodwala avale kwa mphindi zochepa, ayende uku ndi uku pakhonde, chithunzi chionetse pamene papanikizika, wokonza nsapato aseme kapena kuwonjezera labala, ayezenso.

Onani mmene mavuto aja akuchepera. Mphindi zochepa sizikwana kuti thukuta lidzaze sensa, ndipo kapulasitiki kopyapyala kotaya mukamaliza sikangawononge khungu m'kanthawi kotero. Kuchapa pamwala kulibe. Nambala zikayamba kuyenda zokha, mukhoza kuziwongola m'mawa uliwonse poika chinthu cholemera chodziwika, ngakhale paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Batire ndi limodzi, lotchajidwa pachipatala. Palibe alamu yochititsa munthu manyazi pamsika. Ndipo simukufunika nambala yolondola kwambiri, mukungofuna kudziwa kuti apa papanikizika kuposa apo, komanso kuti mutasema labala zasintha kapena ayi. Zida zotere zilipo kale m'maiko olemera, monga Pedar ndi F-Scan, koma mtengo wake si wa chipatala cha kumudzi. Chimene chikusowa ndi mtundu wotchipa, umene telala wa pa Liwonde angathe kusoka kansalu kake katsopano kakale kakatha, ndipo katswiri wa pachipatala cha boma cha Machinga angathe kukonza kabokosi kake popanda kuitanitsa chilichonse kunja.

Kodi Amalawi angapange? Makina a Pumani, othandiza ana obadwa masiku asanakwane kupuma, anapangidwa mogwirizana pakati pa Rice University ya ku America ndi madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo oyambirira ake ankagwiritsa ntchito mapampu opopera mpweya m'mabokosi owetera nsomba. Anatheka chifukwa opangawo anayambira pa funso lakuti m'wodi mwathu muli chiyani ndipo mukusowa chiyani. Lero ku MUBAS ku Blantyre ndi ku MUST ku Thyolo kuli maphunziro a uinjiniya wa zida zachipatala. Ena mwa inu mukakhoza bwino MSCE mudzakhala kumeneko. Thonje limalimidwa ku Balaka konkuno, matelala ali pamsika uliwonse, okonza nsapato ali pansi pa mtengo uliwonse wa m'tauni. Anthu odziwa nsalu ndi labala tili nawo, amene sanakumanebe nawo ndi odziwa magetsi.

Yesani nokha

Simukufunika Velostat kuti muone mavuto onsewa ndi maso anu. Pezani pensulo yofewa, ya 4B kapena 6B ngati ilipo, pepala, katoni, tizidutswa tiwiri ta foyilo ndi multimeter ya ku labotale kapena ya okonza mawailesi. Matani tizidutswa ta foyilo pakatoni moyandikana, koma tisakhudzane, pasiyike kampata kakang'ono. Detsani pepala ndi pensulo mpaka lichite kunyezimira, chifukwa mtima wa pensulo ndi graphite, mtundu wa kaboni umene umadutsa magetsi. Vundikirani pepalalo pamwamba pa foyilo, mbali yakudayo iyang'ane pansi, ikhudze tizidutswa tonse tiwiri. Lumikizani multimeter ku foyilo, muiike poyeza resistance, kenako kanikizani ndi chala. Nambala itsika. Musalumikize ku magetsi a pakhoma, multimeter yokha ndi yokwanira.

Gulu lililonse limafika pamenepa n'kuwomba m'manja. Inu musaime pamenepo. Ikani ndalama zachitsulo imodziimodzi mpaka 10, mukulemba nambala, kenako muzichotsa imodziimodzi mukulembanso. Yerekezani nambala ya pa ndalama 5 pokwera ndi ya pa ndalama 5 potsika. Siyani mwala pamenepo kwa mphindi 15 osaukhudza, muziyang'ana ngati nambala yaima. Pindani katoni pang'ono popanda kukanikiza. Dontheza madzi amchere pakampata kaja. Mukatha, tikitani ufa wa pensulo pakansalu ka chitenje chakale m'malo mwa pepala, muyeze, mukachape kamodzi ndi sopo, muyanike, muyezenso. Pitirizani kuchapa ndi kuyeza, ndipo m'kope mwanu mulembe kuti kanafa pa kuchapa kwachingati. Jekete ya madola 350 ija inalonjeza ka 10.